Thovu la M'chibafa cha kwa a Matewere

Sunthani chikunicho a Maliseni, utsi wonse ukubwera kwa ine ngati ndakulakwirani. Lole ya simenti sifika msanga, ndimaidziwa ine. M'malo moti tizingoyang'anana pano tikunjenjemera ndi chisanu cha Juni, bwerani ndikuuzeni za thovu. Musaseke. Iyi si nthano yoti muzivomera kuti tili tonse. Ndi zinthu zimene ndinakumana nazo ndekha, ndiponso dzuwa likuswa mtengo.

Ine Lufeyo ndagwira ntchito ya mapaipi zaka makumi atatu ndi zinayi. Msana unatha kalekale, mawondo akutsatira. Za mizimu sindinkazilabadira n'komwe. Paipi ikamalira m'khoma ndinkati muli mpweya, mpopi ukamadontha wokha ndinkati kalabala katha. Munthu wotopa safuna zifukwa zitalizitali.

Nyumba ya a Matewere inali ku Zomba, m'munsi mwa phiri, kumene tala amathera n'kuyamba miyala. Munkakhala anthu awiri okha. Bambo Matewere anali a zankhalango asanapume pantchito, chimunthu chachitali cha mafupa akuluakulu, koma sitiroko inawagwetsa zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita, anangotsala ndi maso, n'kumakhalira panjinga ya olumala. Mayi Matewere anali kamunthu kochepa, imvi mbuu, zaka zikuyandikira makumi asanu ndi awiri. Kuwadzutsa bambowo, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwasintha akadziipitsira, zonse zinali pamutu pa mayiwo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyanjane, anali ku Mangalande, ndipo ana akunja mukuwadziwa, chimene sangachite ndi manja amachitumiza pa sitima. Anamva kuti madzi ofunda amafewetsa minyewa yokungika, ndiye anatumiza chibafa.

Inu simunachionepo. Ndi chinthu choti anthu anayi n'kukhalamo osagundana mawondo. Chili ndi pampu yake, chotenthetsera madzi chake, sefa yake, ndi chivundikiro chochindikala ngati matiresi. Madzi ake satayidwa tsiku ndi tsiku ayi, amakhala momwemo miyezi akuzungulira, inu n'kumangothiramo kolorini. Ndinali nditaikapo ziwiri zotere kumalo ogona alendo, n'chifukwa chake Tiyanjane anandipeza ine pafoni.

Kuseri kwa nyumbayo kunali pochapira: masinki awiri asimenti, mpopi ndi ngalande. Munthu wa msana ngati wanga akaona paipi ndi ngalande zilipo kale safunanso kukumba. Ndinati chibafa tiika pano. Mayi Matewere anayang'ana pamalopo nthawi yaitali.

"Palibe pena, a Lufeyo?"

"Pena ndiye tikumbe mamita khumi, mayi, ndipo pansipa ndi mwala wokhawokha."

Anangoti chabwino. Pansi pa sinki ina ndinapeza beseni lachitsulo muli nsalu zapabedi ziwiri, zoumira pamodzi ndi sopo, zosatsukuluza, zolimba ngati chikopa. Ndinafunsa kuti anasiya izi ndani.

"Ndi za aFilesi, amene ankatigwirira ntchito. Anamwalira mu Febuluwale."

Ndinapepesa monga tipepesera tonsefe, ndi pakamwa pokha, n'kusuntha beseni lija, n'kutola hamala. Masinki ndinagumula, koma simenti yapansi ndinaisiya chifukwa inali yolimba. Chibafa chinakhala pamwamba pake. Ndinawakhomeranso chitsulo m'mbali, choti azimangirirapo bambo ndi chitenje m'khwapa kuti asatsetserekere m'madzi.

Patapita masabata atatu foni inalira. Anali Tiyanjane, mawu ali m'mwamba.

"A Lufeyo, amayi amandionetsa adadi pafoni. Madzi aja ndi thovu lokhalokha! Mwachiika bwanji chinthu chija?"

Thovu m'chibafa si nkhani yoti munthu n'kutaya nayo tulo. Limabwera ndi mafuta odzola, sopo wotsalira m'zovala, thukuta, kapena sefa ikada. Ndinapita, ndinakhetsa madzi onse, ndinakwecha m'kati ndi viniga, ndinatsuka sefa, n'kudzazanso. Madzi anayera mbee, pansi pakuoneka. Ndinawalangiza mayiwo ngati mphunzitsi: bambo muziyamba mwawatsuka ndi madzi a m'ndowa, mafuta muziwadzoza atatuluka, kabudula wolowera m'madzi muzingomutsukuluza popanda sopo. Iwo ankangogwedeza mutu, maso akutsinzinika ataimirira. Ndinaganiza kuti sakundimva.

Sipanathe masiku anayi, Tiyanjane anaimbanso.

Ulendo wachiwiriwu ndinatsegula chivundikiro n'kubwerera m'mbuyo. Thovu linali litadzaza mpaka m'milomo, lochindikala, losaphwa ngakhale uliuzire. Thovu la mafuta odzola ndimalidziwa, limakhala lotuwa, lamatope. Ili linali loyera bwino, ndipo fungo lake ndi lija aliyense wa ife anakula nalo, la sopo wamtanda wobiriwira uja.

"Mayi, mumachapiramo muno?"

"Ine ndichapire m'chinthu choti mwana wanga anavutikira chonchi? Mundiyese wamisala?"

"Nanga sopo wamtanda akulowamo bwanji?"

Anayang'ana kumbali. Anati sopo amamuika pawindo la kukhitchini, ndipo masiku ano sakukhalitsa, mwina ndi makoswe. Makoswe amadyadi sopo, koma amasiya mano. Kachidutswa kamene ndinaona pawindopo kanali kosalala, kopyapyala pakati, monga amathera sopo m'manja mwa munthu.

Pamene ndinkayembekeza kuti madzi akhe, maso anga anagwera pawaya woyanikira. Panali nsalu zapabedi zinayi, mapijama, matawulo, zonse zoyanikidwa mowongoka, zikudontha. Wayayo ine ndemwe ndimamufikira choyimira zala. Mayi Matewere amandilekeza pachifuwa, ndipo pafupi panalibe mpando kapena ndowa yopondapo. Ndinafuna kufunsa, koma ndinati si ntchito yanga. Ndinakwecha, ndinadzaza, ndinapita.

Ulendo wachitatu ndinabwera nditakwiya. Zaka makumi atatu ndi zinayi, ine kugonja kwa thovu? Ndinabweretsa sefa yatsopano ndi botolo la mankhwala ophwetsa thovu. Ndinafika m'mawa, ndinakonza zonse, ndipo ndinawauza mayiwo kuti lero sindichoka mpaka ndione mmene amachitira.

"Mukhala mpaka masana?" anafunsa, nkhope itagwa.

"Ndikhala, mayi."

Cha m'ma leveni magetsi anathima. Madzi anali atafunda kale, ndiye tinawaika bambowo. Ndinawagwira kumapewa, mayi kumapazi, ndipo ndinamva msana wanga ukutukwana. Munthu uja ankalemera ngati matumba awiri a simenti. Ndinadzifunsa kuti kamayi aka kamatha bwanji kokha. Tinawamangirira ndi chitenje kuchitsulo chija. Mayi anakhala pampando wapulasitiki pamthunzi, nati angopumako pang'ono. Ndisanamalize n'komwe kupukuta manja anali atagona, pakamwa yasa, mutu utagwera paphewa.

Ine ndinatsegula kachitseko ka m'mbali mwa chibafa, kumene kumakhala pampu, n'kugona cham'mbali pasimenti, mutu ndi dzanja limodzi zili m'kati, ndikuunika mapaipi ndi tochi. Ndinkaganiza kuti mwina pali pamene pakulowa mpweya.

Choyamba chimene ndinazindikira n'choti njiwa zimene zinkalira mumtengo wa mapeyala zinasiya. Kenako madzi anayamba kugwedezeka pamwamba pa mutu wanga. Khuvu. Khuvu. Pampu inali pamphuno pangapa, yozizira, ili duu. Ndinati ndi bambowo akusuntha mwendo wabwinowo. Koma kenako kunabwera phokoso lina, limene palibe mwana wa munthu angalisokoneze ndi china: kuchikicha nsalu. Chiki, chiki, chiki. Kuviika. Chiki, chiki, chiki. Kufinya, madzi n'kumadontha.

Kunali kuchapa kwa munthu wodziwa ntchito, koma kwapang'onopang'ono. Ankachikicha kasanu, n'kuima. Akaima ndinkamva kupuma, kupuma kotalika kwa munthu amene akuwongola msana. Kenako chifuwa chouma, chochokera pansi, kawiri. Kenako chiki, chiki.

Ndikuuzeni zoona, sindinadzutse mutu. Mwina inu a Maliseni mukanatero, poti ndinu olimba mtima pamoto pano. Ine ndinangothimitsa tochi. Pampata wa pansi pa kachitseko ndinkaona simenti yapabwalo ili mbuu ndi dzuwa. Mapazi sindinawaone. Ndinangoona malo akunyowa, apa, kenako apo, kenako apo, kulowera kuwaya. Waya analira pang'ono monga amachitira ukamukolekera chinthu cholemera. Malo onyowa aja anabwerera. Kenako madzi anakhuvuka kwambiri kamodzi, wina anabuula ngati mmene ndinabuulira ine ponyamula, ndipo njinga ya bambo ija inalira kwee polandira katundu wake.

Sindidziwa kuti ndinagona pamenepo nthawi yaitali bwanji. Dzanja linachita dzanzi mpaka m'khosi. Njiwa zitayambanso kulira ndi pamene ndinakwawa n'kutuluka.

Bambo Matewere anali panjinga yawo, atavala pijama yoyera, tsitsi lopesa, kathawulo katapisidwa pakhosi. Chitenje chija chinali chopindidwa kanayi pachitsulo. Maso a bambowo anali kuwaya, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri, ya moyo ndi yakufa yomwe. M'chibafa thovu linali thoo mpaka m'milomo, ndipo pamwamba pake panali timizere tofiirira.

Mayi anadzuka. Sanayambe n'kuyang'ana amuna awo ayi, anayang'ana thovu, kenako ine.

"Mwamva?"

"Ndamva, mayi."

"Ndiye khalani pansi. Musaime ngati mwabwera kudzadula madzi."

Ndinakhala pandowa. Anandiuza kuti aFilesi anabwera panyumbapo kuchokera ku Phalombe ali mtsikana, nakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Bambo atagwa, awiriwo ndiwo ankanyamula, aFilesi kumapewa, mayi kumapazi.

"Sabata yomaliza ankadandaula pachifuwa. Ine ndinati mupita kuchipatala Lachisanu, tithane kaye ndi nsaluzi, bambo anyowetsa zonse. Lachitatu masana ndinawapeza atagwa apa, pamene pali chibafa chanu, manja ali m'beseni. Anali atazizira kale."

Anati mtembo anautengera kuchipatala ndi galimoto ya aneba. Abale atafika kuchokera ku Phalombe anafunsa funso lija limafunsidwa nthawi zonse, kuti munthu wathu watsirizikira pati. Paja kwawoko, monganso kwathu, munthu akafera kutali sutenga thupi lokha. Umapita pamalo penipeni pamene wafera, n'kutapa kadothi, n'kumuitana ndi dzina kuti tiyeni kumudzi. Ukapanda kutero, thupi limapita koma mwini wake amatsala.

"Ndinati kuchipatala," anatero mayiwo. "Ndikanati chiyani? Kuti m'bale wanu wafa akuchapa mkodzo wa amuna anga, ine nditamuuza kuti adikire Lachisanu? Manyazi anandigwira. Anakatapa fumbi pakhomo la chipatala, n'kumaitana munthu pamalo pamene panalibe."

"Nanga ine mukundiitaniranji, poti mukudziwa?"

"Amakuitanani ndi Tiyanjane, si ine. Koma poti mwabwera, chotsani thovu lokhalo kuti ndisamalione. Zinazo zisiyeni."

"Mayi, munthuyu watopa. Mwamumva mmene akupumira?"

Apa ndiye kamayi kaja kanandiyang'ana ndi maso oti sindidzawaiwala.

"Nanga ine? Chichokereni aFilesi mpaka tsiku limene munaika chibafachi, sindinagonepo maola awiri otsatizana. Ndinkagwa nawo bambowa m'bafa, tonse awiri pansi, n'kumalira ngati ana. Akumpingo amabwera Lachinayi, amaimba nyimbo ziwiri, amapita. Tsiku loyamba limene tulo tinandiba pampando uwu ndinadzidzimuka ndikuti ndawamiza amuna anga. Ndinawapeza atavala. Ndinagwada pomwepa, ndinapemphera kuti chinthuchi chichoke m'nyumba mwanga." Anaima, napukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "M'mawa mwake ndinaika sopo pawindo."

Ndinafunsa za timizere tofiirato. Anati zayamba sabata yatha. Manja a aFilesi ankang'ambika nyengo yozizira, chaka chilichonse, ndipo ankawakulunga tinsanza n'kumachapabe.

Ndinawamvera chisoni mayiwo, ndipo ndinamumveranso chisoni winayo, ndiponso ndinadzida ndekha chifukwa ndine ndinabweretsa madzi ofunda pamalo pamene munthu anasiyira ntchito yosatha. Kodi ndikanawaweruza ndine yani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinathira mankhwala anga aja, thovu linaphwa pang'ono n'kudzukanso, ine n'kulongedza zida.

Sabata yonse foni ya Tiyanjane sindinaiyankhe. Koma masana aliwonse, kulikonse kumene ndinali, dzuwa likafika paliwombo ndinkapezeka ndaima ndi sipanala m'manja, ndikuwerenga: chiki kasanu, kupuma, chifuwa kawiri. Lolemba linalo ndinalephera kupirira. Ndinaliza kapikapu kanga n'kuyamba kukwera phiri, osadziwa n'komwe chimene ndikukanena.

Pamene tala amathera ndinaona mayi wina akuyenda pakati pa msewu, kachikwama kali pamutu, akukoka miyendo. Ndinaima kuti ndimutengeko. Atangokhala pampando n'kutseka chitseko, galimoto yonse inadzaza fungo la sopo wamtanda. Phazi langa linatsetsereka pakilatchi, injini n'kuzima. Ndinayang'ana manja ake ali pamiyendo. Anali ong'ambikang'ambika m'mfundo zonse, zina zikutuluka magazi.

"Musaope achimwene, ndine munthu," anatero osandiyang'ana. "Ndikufuna kwa a Matewere. Ndine Dorofi, mng'ono wawo wa malemu aFilesi."

Ndinamufunsa za manjawo. Anati masana aliwonse tulo timamugwira, ngakhale ali kudimba khasu lili m'manja, ndipo amalota achemwali ake ali chowerama, atamufulatira. Sanena zambiri. Amangoti, sanandiwerutse.

"Ndikadzuka manja ali chonchi. Chikhalirecho ine sopo ndimamuona kamodzi pamwezi."

Tinafika cha m'ma teni. Mayi Matewere anali kuseri, akudyetsa bambo phala, chibafa chili chovundikira. Atamuona Dorofi supuni inaima m'malere. Anamupatsa mpando, koma iye anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale. Analonjerana bwinobwino, za kumudzi, za ana, za chisanu cha chaka chino. Kenako Dorofi anati:

"Mayi, ine sindinabwere ndi mlandu. Ndabwera ndi funso limodzi basi. Achemwali anatsirizikira pati?"

Mayi anayang'ana amuna awo, chimunthu chonse chija chili panjinga, phala likutsika pachibwano. Anayang'ana manja awo omwe, tiwiri towonda. Kenako anayang'ana ine, ndipo ine ndinayang'ana nsapato zanga. Akanati kuchipatala, ine sindikanatsegula pakamwa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Dorofi akanabwerera kwawo, ndipo masana amenewo mayi akanagona tulo tawo.

Pansi pa chivundikiro madzi anagwedezeka. Nthawi yake inali isanakwane, m'madzimo munalibe munthu, koma tonse tinamva. Chiki. Panapita kanthawi. Chiki. Kenako chifuwa chija, ndipo ulendo uno sichinalekere pawiri.

Mayi anaika mbale pansi. Anakweza dzanja n'kuloza.

"Apo. Anagwera apo, akuchapa. Ndinakunamizani."

Dorofi sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoyang'ana chibafacho n'kunena motsitsa, "Miyezi isanu, achemwali." Kenako anamasula mfundo ya chitenje chake n'kutulutsa kansalu koyera. Anali atabwera nako kuchokera kwawo.

Dothi panalibe, ponse panali simenti, ndiye ntchito inagwera ine. Ndinatsegula kachitseko kaja, ndinalowetsa tchizulo pansi pa pampu pamene panali simenti yakale ya pochapira, n'kugogoda mpaka panabenthuka kachidutswa ngati chala chachikulu. Kanali konyowa, ngakhale kuti paipi yodontha panalibe. Ndinakapereka kwa Dorofi ndi manja awiri, iye n'kukakulunga.

Anagwada, naitana dzina la mchemwali wake katatu, nati tiyeni kumudzi. M'chibafa kuchikicha kunapitirira. Anaitananso. Chiki, chiki. Dorofi anatembenukira kwa mayi.

"Ine sandimvera. Munthu wapantchito sachoka abwana asananene."

Mayi Matewere anaimirira pogwira njinga ya amuna awo. Anayenda mpaka pachibafa, natsamiritsa manja onse awiri pachivundikiro. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ntchito yatha, poti ndi mmene timanenera. Koma mayi aja anali atatopa nalo bodza.

"AFilesi, ndine. Ntchito sinathe, ndipo siitha. Koma werukani. Zotsalazo ndiona ndekha. Lachisanu lija ndinakulakwirani, mundikhululukire. Siyani nsaluyo momwemo, musatsukuluze. Pitani mukagone."

Kuchikicha kunaima. Tinamva kupuma kumodzi kotalika, kenako madzi akudontha ngati munthu watulutsa manja. Bambo Matewere anatulutsa kamawu kapakhosi, koyamba kuwamva chiwadziwireni, ndipo maso awo anayenda pang'onopang'ono kuchoka pachibafa mpaka pamene panagwada Dorofi.

Ndinati ndiwaperekeza ndine mpaka ku Phalombe. Dorofi anandiuza malamulo ake tisanakwere: panjira osayankhula, osacheuka, osaima. Iye yekha ndiye ankanong'oneza kansalu kaja tikafika pamlatho, kuti achemwali, tikuwoloka Likangala, musatsale. Anakhala chakuchitseko, pakati pathu n'kusiya malo.

Mpaka pa Jali sipanachitike kanthu, kupatula fungo la sopo lija. Titangodutsa pamsika ndinamva chinthu chikutsamira phewa langa lakumanzere. Chinayamba mopepuka, n'kuchoka, ngati munthu amene akuwodzera koma akuchita manyazi. Chinabweranso. Ulendo wachitatu chinakhazikika ndi kulemera kwake konse, mutu wa munthu, ndipo malaya anga anayamba kuzizira ndi chinyezi. Dorofi anali uko, atatsamira chitseko, maso ali kutsogolo. Pafupi ndi khutu langa ndinkamva mpweya ukulowa ndi kutuluka, wosalala, wopanda chifuwa.

Mantha ndinali nawo, ndisakunamizeni. Koma chinandikulira si mantha. Inu mukudziwa kuti giya timasintha ndi dzanja lamanzere. Ndinali mu giya yachitatu, ndipo ndinayenda mu giya yachitatu yomweyo kuchokera pa Jali mpaka ku Phalombe, injini ikulira pokwera, anjinga akundipitirira potsika, ena akunditukwana. Dzanja sindinalisunthe. Munthu woti wagona koyamba patatha miyezi isanu sumudzutsa chifukwa cha giya.

Titaima pakhomo pawo, Dorofi anatsika ndi kansalu kake nati, tafika achemwali. Phewa langa linapepuka. Abale anatuluka n'kuyamba kulira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, ndipo ine ndinabwerera ndisanamwe ndi madzi omwe.

Ndinapitanso kwa a Matewere patatha masiku atatu, masana. Ndinalowera kuseri osagogoda. Chivundikiro chinali pambali, pampu ikung'ung'udza bwinobwino, ndipo madzi anali oyera mbee, oti ukanaponyamo singano ukanaiona pansi. Pazaka zanga zonse sindinaonepo madzi oyera chonchija, ndipo sindinadanepo ndi ntchito yanga ngati tsiku limenelo. Pawaya panalibe kanthu. Nsalu ziwiri zinali zoyanikidwa pampanda wamaluwa, m'munsi, pamene kamunthu kakafupi kangafikire. Pafupi ndi mpopi panali mulu wina ukudikira.

Bambo anali panjinga, malaya ovula theka. Mayi anali atawakolowekera dzanja m'khwapa, akuyesa kuwakweza, n'kupuma, n'kuyesanso. Maso awo anali ofiira, olowa m'kati. Atandiona sanadabwe.

"Tiyanjane wasangalala," anatero. "Akuti ndinu katswiri."

Ndinavula jekete n'kuwagwira bambowo kumapewa, mayi kumapazi, mpaka tinawakhazika m'madzi n'kuwamangirira. Mayi anayang'ana mpando wapulasitiki uja uli pamthunzi, koma sanapiteko. Anaima atagwira chitsulo, akupuma mwabefu.

"Munafika bwino?"

"Tinafika, mayi."

"Anavuta panjira?"

"Ayi. Anagona. Kuyambira pa Jali, paphewa langali, mpaka pakhomo pawo."

"Tulo tenitenidi?"

"Tenitenidi, mayi. Osatsokomola n'kamodzi komwe."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali, akuyang'ana madzi oyerawo.

"Bola mmodzi wa ife," anatero.

Kenako anandipempha kuti ndiwayang'anireko bambo pang'ono. Anapita pawindo la kukhitchini, natenga sopo wamtanda, nakoka beseni lachitsulo lija, n'kuwerama pamulu wa nsalu.